Dzanja Logwira Chingwe

Damu la Chitete si lalikulu.
Ukayamba nyimbo tsidya lino,
usanafike pakolasi wagunda kale bango la tsidya lija.
Koma amalume anga, a Lifeyo Kamphandira,
amene anatsuka maboti a eni ake ku Dabeni zaka khumi ndi zitatu,
anabwerako ndi chikwama chimodzi, mpeni wopinda,
ndi nzeru yobisa thanga m'mimba mwa mlongoti.

Mlongotiwo ndi paipi ya mthirira
yogula kwa mlimi wa ku Santhe amene fodya anamukana.
Anaing'amba kuchokera kumutu mpaka kumapazi,
mng'alu wongolowa chala cha mwana,
m'kati naikamo ndodo yachitsulo yozungulira.
Thangalo ndi lona wa lole ya mabelo,
pangodya pakuwerengekabe theka la dzina la kampani.
Akabaza anaimika njinga zawo kuti atiseke bwino.

Lachinayi lija mwera unadza ndi mkwiyo wa m'mawa.
Tinakulunga, tinakulunganso,
mpaka panja panatsala kachigamba
kosakwana kufunditsa khanda.
Kenaka bango linaweramuka.
Mafunde anasiya kumenya malata.
"Ndaziona," anatero, "mphepo yatopa. Tulutsa nsalu."

Zingwe zilipo ziwiri.
Chofiira chimakokera thanga kunsonga kwa mtanda,
chachikasu chimaletsa ndodo kuzungulira mwa kufuna kwake.
Ntchitoyi ndi ya manja awiri a munthu mmodzi,
koma lamanzere lawo linagona chaka chatha
ndipo silinadzukebe,
limangokhala pantchafu ngati mlendo wosadziwa chilankhulo.
Tsono tsigiro m'khwapa, chofiira kudzanja lamanja,
chachikasu anandiponyera ine.

Ndinachitaya.
Ndimati kumasula ndi kutaya n'chimodzimodzi.
Ndodo inalira gwedegwede,
lona anafutukuka m'kati momwemo, anatupa,
makwinya anathamangira pakhomo onse pamodzi
ngati anthu olimbirana makuponi,
ndipo mng'alu unatsamwa.
Kutuluka ayi, kubwerera ayi.
Theka la thanga likukupiza pamwamba pathu phaphapha,
boti likuzungulira, madzi ali m'akakolo.

Sanakalipe.
Anandipatsa mpini wa supuni,
ndinakwera pabenchi kukankha khwinya limodzilimodzi,
dzimbiri likundigwera m'maso.
Mnyamata wowedza pa chubu anatifunsa ngati tikufuna thandizo.

"Tiyambirenso. Mutu wa boti uyang'ane mphepo,
osati maso ndi maso, chammbali pang'ono,
monga umaimira ukakumana ndi apongozi panjira.
Mtanda ukhale wowongoka, usaloze kumwamba.
Ine ndikakoka, iwe pereka,
koma pereka monga wagolosale apimira shuga wa ngongole,
pang'ono, dzanja lili pomwepo, diso lili pasikelo.
Chingwe chikasiya kukuluma, dziwa kuti walakwa."

Anakoka chikhatho chimodzi. Ndinapereka chikhatho chimodzi.
Chingwe chinandiluma pakati pa zala.
Anakokanso.
Lona anatuluka wosalala, chilembo ndi chilembo,
msoko umene ndinasoka ndekha pa makina a amayi,
chigamba cha thumba la feteleza,
mpaka anati, "Basi. Manga.
Yotsalayo isiye m'katimo, mwera sutsanzika."

Thanga linapuma mpweya, linakhuta.
Pansi pa malata madzi anayamba kunong'ona.
Akakowa atatu anatipatsa njira,
phiri la Kasungu linasuntha kuchoka kuphewa ili kupita kuphewa ilo.

M'pamene anayamba, maso ali kunsonga ya mlongoti:
"Kunali mnzanga wina wa ku Mkanda, Yotamu,
usiku wina kunyanja yamchere..."
Anaima pomwepo.
Zaka zinayi ali pakhomo pathu, dzinali ndinali ndisanalimve.

Lilime linandiyabwa, mafunso anadzaza m'kamwa.
Ndinayang'ana mzere wofiira m'chikhatho changa,
ndinakhala chete,
ndi kudikira kuti akokenso.